Funsani Anti: Nyumba yadzaza koma sindipumamo

Mwezi uno makalata ambiri abwera a nkhani imodzi, za m'nyumba. Kaya ndi poti nyengo ya maukwati yangotha kumene anthu mwatuta mphatso, kaya ndi timavidiyo ta pa TikTok tija, koma aliyense akufunsa za balaza. Nde za mabanja tidikire kaye mwezi wamawa, olo kuti mukaona bwino nkhani ya makatani nayonso imathera ku banja komweko.

Anti, ndine mayi wa ana awiri, tinamanga nyumba yathu movutikira ndipo tinalowamo chaka chatha. Pabalaza ndinayesetsa ndithu, masofa a anthu 7, display yodzaza mbale za pa bridal shower, maluwa a pulasitiki kona iliyonse, makatani onyezimira agolide aja, kapeti, mawotchi awiri, makalendala a kutchalitchi ndi a kuntchito. Aliyense akabwera amati eee mayi mwakonza. Koma ine ndikaweruka sindikhalapo, ndimangopezeka ndili kukhitchini pa kampando kapena pakhonde. Tsiku lina ndinapita kwa mnzanga, pabalaza pake palibe zambiri koma ndinakhala mpaka kusinza. Chikundivuta n'chani?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Achemwali palibe chikukuvutani, thupi lanu lakuuzani kale zoona, mutu wokha ndi umene ukukana. Balaza limenelo munakonzera alendo osati inuyo. Ndipo mlendo ndi mame, amabwera Lamulungu masana kumwa Fanta, kuti eee mwakonza, 5 koloko wapita, otsala ndi zonyezimirazo masiku 6 enawo ndinu, kuzipukuta fumbi, kukalipira ana kuti asakhudze.

Ambirife tinakulira m'nyumba zoti pabalaza ndi pa ofesi ya ulemu wa banja, ana osaloledwa kukhala pa sofa, mbale za mu display zodikira mlendo amene sanabwerebe mpaka lero. Ine mayi anga anali ndi makapu a maluwa abuluu, tinangowaonera pagalasi zaka zonse, tsiku lomwe tinawatsitsa linali la maliro awo omwe, anthu achilendo ndi amene anamwera. Chiyambire pamenepo kwanga kapu yabwino ndi imene ndimamwera tiyi m'mawa uliwonse.

Chitani izi, ndipo sizifuna olo 1 kwacha. Loweruka likubwerali pezani makatoni, chotsani chilichonse chaching'ono pabalazapo, maluwa, madoilo, tizidole, makalendala, wotchi imodzi, zonse mukaike kuchipinda. Musataye kanthu, kungosuntha basi, chifukwa mukayamba ndi kutaya mtima uwawa nde musiyira panjira. Tsiku loyamba paoneka ngati mwaberedwa, pirirani. Khalani choncho sabata yathunthu. Chinthu chomwe mwachisowa zenizeni, mwina chithunzi cha ukwati, mwina baibulo la malemu bambo anu, mwina wotchi ija chifukwa mumayang'anadi nthawi pamenepo, chibwezeni. Chomwe sabata yatha osachikumbukira, chimenecho chinali chongokudyerani malo.

Kenako masofa. A anthu 7 m'balaza la nyumba zathu zambirizi ndi ochuluka, munthu umayenda chammbali ngati nkhanu. Pakati pa sofa ndi tebulo pazikhala mpata wa masentimita 40 kapena 45, ndipo podutsa anthu pasachepere 80, kuti wonyamula thireyi ya nsima adutse osapempha wina kuti apinde miyendo. Ngati sizikutheka sofa imodzi ipite kuchipinda kapena pakhonde ngati ndi lotchinga. Display musaigulitse, ingoipepuzani, mbale zija tsitsani muzidyera, musiyemo zochepa zotalikirana kuti diso lizipuma pakati. Makatani agolidewo ndi amene akukuwa kwambiri m'nyumbamo, koma sinditi muthamange kukagula ena, yambani mwachotsa kaye zinazo muone. Mwina akatsala okha akhala bwino, mwinanso mudzaona nokha kuti nsalu wamba ya kirimu kapena khaki ingakupumitseni.

Ndipo pakhonde pomwe mumathawirapo paja kapayang'anitsitseni, pali chani? Mpweya, kuwala kwa dzuwa, mpando umodzi wokhalika, palibe choti muope kuthyola. Zimenezo ndi zomwe zikusowa mkatimo.

Anti ine ndi wa lendi. A landilodi anapaka penti yobiriwira ya gloss nyumba yonse ngati kuchipatala ndipo akukana kuti ndisinthe. Usiku ndikayatsa getsi m'nyumba mumaoneka mozizira moti olo nsima sikoma. Nditani poti ndalama zanga n'zochepa?
Mtsikana wa ku Zingwangwa

Mwanawanga yamba ndi babu. Pita kushopu ukawerenge pa kabokosi kake, ambiri omwe timagula amalembedwa 6500K kapena cool daylight, amenewo ndi oyera mopita kubuluu, abwino kukhitchini ndi panja, koma akagunda khoma la gloss amanyezimira ngati uli mu wodi. Funa olembedwa warm white, 2700K kapena 3000K, kuwala kwake kumapita kuchikasu ngati kwa nyali ya galasi ija. Ndipo usamadalire getsi limodzi la pamwamba pa denga, peza ka nyale ka patebulo uike pakona, madzulo uzizimitsa lapamwambalo. Ukaona wekha kuti green yemweyo wafatsa.

Chachiwiri usalimbane nayo penti, igwirizane nayo. Zobiriwira zimayenda ndi zinthu za mtundu wa dothi, bulauni, kirimu, thabwa, mkeka. Ukaikamo pinki ndi ofiira ndi golide nde wayambitsa nkhondo. Katani ikhale ya mtundu umodzi yopanda maluwa, uipachike pamwamba pa windo ndi masentimita 10 kapena 15 ndipo itsike mpaka pansi, m'lifupi nsalu ikhale kawiri kukula kwa windo kuti ipange mapindo, imabisa khoma lambiri choncho. Ku kaunjika kumapezeka mabedishiti a kotoni olemera bwino, awiri ofanana telala akusokera katani yabwino kuposa zonyezimira za m'mashopu zija.

A landilodi ukawapezanso usawauze kuti penti yawo ndi yonyasa, anasankha okha imeneyo. Uwauze kuti bambo ndikufuna ndikupakireni kirimu pabalaza pokha ndi ndalama zanga. Ambiri akamva kuti ndalama si zawo amafewa. Akalola uuze wopakayo akwechepo kaye ndi sandipepa n'kupaka undercoat, penti yoyambirira yapansi ija, chifukwa penti ya madzi ya PVA ukangoipaka pamwamba pa gloss imasupuka ngati khungu la njoka.

Anti, ndikukwatira mu Disembala ndipo ndikufuna kugula mipando. Akazi anga akufuna zosaphokosera, ine ndimaona ngati masofa akuluakulu a leather onyezimira aja ndi amene amaonetsa kuti mwamuna wakonzeka. Akwathu akadzabwera asadzati mwana wathu akuvutika mtauni. Tithandizeni tisanayambane.
Mnyamata wa ku Kawale

Achimwene mverani mayiwo, mwapeza mkazi wa maso. Zomwe mukuzitcha leather zambiri zija si chikopa, ndi pulasitiki yomata pa nsalu, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mu Okutobala kukatentha mukakhalapo ndi kabudula mumadzuka ndi phokoso ngati mukumatula sitampa, ndipo pakapita nthawi imayamba kusupuka m'mikono ndi pomwe pamatsamira mutu, nde mumayamba kuiphimba ndi zitenje, ulemu uja wapita kuti?

Inu muli pafupi ndi Mchesi, akalipentala ali mbwee. Pitani ndi tepi, muyeze kaye balaza lanu ndi chitseko chomwe, anthu ambiri anagulapo sofa yokana kulowa pakhomo. Uzani kalipentala akupangireni ya mafelemu a thabwa ooneka, makushoni ochotseka okhala ndi zipi kuti muzichapa, nsalu yolimba ya mtundu umodzi, wotuwa, bulauni kapena khaki. Funsani mafunso awiri musanapereke dipoziti. Loyamba thabwa ndi lanji ndipo ndi louma? Mlombwa ndi mbawa ndi matabwa olimba okongola okha osafuna zambiri, koma ndi odula ndipo akusowa, paini ndi wotchipa komanso wofewa, bulugamu ndi wolimba koma akakhala wamuwisi amapindika n'kung'aluka. Thabwa lililonse laliwisi mudzalidziwa pakatha miyezi itatu, madilowa akuyamba kukana kutseguka. Lachiwiri siponji ndi yanji? Nenani kuti mukufuna high density, ndipo khalanipo nokha pa shopu pomwepo, mukamva thabwa kumatako tsiku loyamba dziwani kuti pofika Isitala muzidzakhala pa felemu. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje mukane, mtengo umenewo ndi wa fuko chiyambire 1984 ndipo m'phirimo watsala pang'ono kutheratu, si woti tizipangira matebulo.

Vanishi musalole yonyezimira ngati galasi, nenani ya matt kapena angopaka mafuta a thabwa, mizere ya mtengo izioneka. Tebulo lotere mwana akadzaligoba ndi supuni chipseracho chimangolowerera, pomwe lagalasi likang'aluka latha.

Sofa imodzi ya anthu atatu yokwana, kenako onjezerani mipando iwiri yoluka ija imagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Mukudziwa kuti mipando imeneyo kunja amaitcha Malawi chair ndipo m'mashopu a ku Cape Town ndi ku London imagulidwa ngati chinthu chapamwamba? Ife kuno timaiona ngati ya pakhonde basi. Pogula igwedezeni muone ngati sikugwa ufa, ukagwa ufa ndiye kuti yafumbwa, isiyeni. Musamaisiye pamvula, kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono basi.

Za akwanuzo, amalume akabwera chomwe adzakumbukire ndi choti anakhala bwino, anadya nkhuku, anagona pabwino. Ndipo ndalama yotsala pa leather ija mugulire matiresi abwino, mudzandithokoza.

Anti ndimaonera kwambiri zithunzi za nyumba pa intaneti, pa Pinterest, ndipo ndikufuna nyumba yoyera yonse, sofa yoyera, kapeti yoyera, makoma oyera. Ndili ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 2, ndipo msewu wa kwathu ndi wafumbi.
Mayi wa ku Mchengautuwa, Mzuzu

Mayi, walira mvula walira matope. Zithunzi zimenezo zambiri ndi za maiko a kumpoto kwa Ulaya, ku Sweden ndi ku Denmark, komwe nthawi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko masana, nde amayeretsa chilichonse kuti kakuwala kochepako kachuluke, mawindo otseka ndiponso kunja kulibe katondo. Inu kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa galimoto iliyonse yodutsa ikukupakirani sofa yanuyo, ndipo ku Mzuzu mvula ikayamba ndi matope miyezi ingapo. Mudzasanduka wapolisi m'nyumba mwanu momwe, mwana wa zaka 2 ali ndi mango m'manja inu mtima uli m'mwamba. Kudekha kwake kuli pati pamenepo?

Chomwe mwakonda pa zithunzizo si kuyera ayi, ndi kuchepa kwa mitundu ndi kuchepa kwa katundu. Zimenezo zitheka. Makoma pakani oyera opita kukirimu, ya mtundu wochapika kuti zala za ana muzipukuta. Sofa ikhale ya mtundu woti fumbi la kwanuko likagwapo lisachite manyazi, khaki, bulauni wopepuka, wotuwa. Zoyera zikhale zing'onozing'ono zolowa mu beseni, makava a makushoni, kansalu ka patebulo. Kapeti iwalani kaye mpaka wamng'onoyo ayambe sukulu, yalani mkeka, ukada mumakaukung'untha panja, ukatha mugula wina osalira. Ngati pansi ndi pa simenti musachite nayo manyazi, simenti yosalala yopaka polishi wofiira uja n'kukwecha bwino imakongola kuposa matailosi oterera otchipa, komanso mwana akagwetsa kapu ya phala ndi mopu basi. Zoseweretsa za ana zipezereni dengu lalikulu pakona, madzulo zonse zilowe mmenemo, osati kuzibisa ngati m'nyumbamo mulibe ana.

Anti, ndinachotsa kapeti ndikuyala mphasa yatsopano pabalaza, pakhoma ndinakoleka malichero atatu, pakona ndinaika mtsuko womwe ndinatenga kwa agogo ku Ntcheu. Apongozi anga atabwera anangoti kodi mwana wanga ntchito inatha? Ndipo sabata yotsatira ananditumizira maluwa a pulasitiki ndi madoilo oluka okha. Ndawaika mu kabati koma akubweranso mwezi wamawa.
Mkamwana wothedwa nzeru, Chilomoni

Haha pepani mwanawanga, ndaseka koma ndikumvetsa mbali zonse. Muwamvetse mayiwo. Iwo anakulira pa mphasa, anazira pansi ndi mtsiro mpaka manja kuuma, anasenza mtsuko pamutu kuchokera kudambo, ndipo anaphunzitsa mwana wawo kuti adzachoke pa zimenezo. Nde kubwera mtauni n'kupeza lichero lili pakhoma ngati chithunzi, kwa iwo zili ngati ulendo wonse uja wabwerera pomwe unayambira. Inu mukuona kukongola, iwo akuona umphawi umene anauthawa. Simungawasinthe ndi mawu.

Koma pa mphatso zawozo musiyanitse. Maluwa a pulasitiki anagula, madoilo analuka ndi manja awo, mwina usiku maso akuwawa. Chinthu choluka ndi manja chimagwirizana bwino kwambiri ndi mphasa ndi mtsuko kuposa mmene mukuganizira, vuto la madoilo limakhala kuchuluka, pa mkono uliwonse wa sofa, pa TV, pa firiji, pa wailesi. Sankhani limodzi lokongola kwambiri, lichapeni, muliyale pa katebulo pansi pa nyale kapena pansi pa chithunzi cha banja, lizikhala pamenepo masiku onse osati pongobwera iwo, ana amaulula. Maluwawo aikeni kuchipinda komwe adzagone, muwauze kuti amayi ndakuikirani kuno kuti muziwaona podzuka. Ndipo akafika muwafunse za mtsukowo, kuti kodi kwanu ankaumba ndani, ankawotcha bwanji. Akayamba kufotokoza simudzawaletsa.

Langizo limodzi pa malicherowo, atatu akwana musawonjezere, ndipo limodzi lizitsika kukapeta mpunga. Chinthu chogwira ntchito chimaoneka mosiyana ndi chongopachika, chimada m'mbali mogwira manja, ndipo kuda kumeneko ndi komwe kumachititsa kuti nyumba isaoneke ngati loji ya kunyanja.

Anti ndili ku Leeds chaka chachitatu, ndimachita lendi ka flat kakang'ono. Ndimasowa kwathu. Ndikabwera ku holide ndimafuna kugula zosema zambiri, mbendera, mapu a Malawi, zitenje, kuti ndidzaze nyumba. Koma mnzanga wina anachita choncho ndipo kwake kumaoneka ngati shopu ya ma curio.
Namwino wa ku Leeds

Achemwali mnzanuyo anagula zinthu zomwe azungu amagula akabwera kuno, n'chifukwa chake. Kodi kwanu munakulira kunali njovu yosema pa tebulo? Dzifunseni kuti ndikatseka maso n'kuganiza kwathu ndimaona chani. Mwina ndi mthiko wa mayi anu wakupsa mbali imodzi, chipande, mbale ya enamel yobenthuka, chitenje chomwe anakuberekerani. Zimenezo ndi zopepuka mu sutikesi ndipo palibe wina ku Leeds ali nazo.

Ngati mukufuna chogula, gulani chimodzi chabwino osati khumi. Mukamadutsa pa M1 imani ku Dedza Pottery mutenge makapu awiri kapena mbale yomwe muzidyeramo tsiku lililonse, muikulunge mu zovala. Chosema chenicheni chili ku Mua, ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe wansembe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, tengani chimodzi chokhala ndi nkhani yake yoti mungafotokozere mlendo. Chitenje sankhani cha mitundu iwiri kapena itatu yofatsa, chichapeni kaye chifukwa china chimasuluka ndi kufupika, musokere makushoni awiri basi kapena muchipinde kumiyendo kwa bedi. Cha nkhope ya munthu wandale chisiyeni mu sutikesi, simungapume munthu akukuyang'anani pa sofa.

Poti kumeneko mu Disembala 4 koloko kwada kale ndipo mukuchokera ku ntchito ya usiku, zomwe ndauza mtsikana wa ku Zingwangwa za babu zikukhudzani kwambiri inuyo. Zithunzi za abale sankhani zitatu, mafelemu ofanana, pakati pa chithunzi pakhale masentimita pafupifupi 150 kuchokera pansi, mulingo wa maso. Ife timakonda kupachika pafupi ndi denga ngati tikubisira mbava. Poti eni nyumba kumeneko savomera misomali, gwiritsani timapepala tomata tochotseka tija kapena ingotsamiritsani pa shelefu.

Anti, nyumba ndayesetsa yadekha, koma abambo a kunyumba anagula TV ya mainchesi 65, ma speaker awiri otalika ngati ana a Standard 5, ndipo mawaya ali ngati mpheta zamanga chisa. Akuti zisasunthe chifukwa cha mpira.
Mayi wa ku Zomba

Mayi TV isiyeni, nkhondo imeneyo simupambana, makamaka timu yawo ikamachita bwino. Nawonso ndi nyumba yawo, ndipo bambo amene akuonera mpira pakhomo ndi wabwino kuposa wokaonera kumalo ena aja. Limbanani ndi mawaya okha. Ku hardware kuli timapaipi tapulasitiki toyera tobisira mawaya timatchedwa trunking, wamagetsi amamata ola limodzi, mukapaka penti ya khoma sitionekanso. Ekisitenshoni ndi decoder zilowe mu kabati yapansi yotseka koma kumbuyo kukhale kobowola kuti zisatenthe. Khoma la TV lisakhalenso ndi china chilichonse, olo kalendala, TV yokhayo yakwana phokoso. Pambali pa speaker imodzi ikani chomera chamoyo mu mphika wadothi, chija cha masamba ataliatali osongoka ena amati lilime la apongozi, sichifuna madzi ambiri ndipo chimapirira mthunzi, kungoti musamasiye madzi mu kambale ka pansi, udzudzu ungaswanemo.

Kenako dzipezereni kona yanu inunso, mpando umodzi pafupi ndi windo, ka tebulo koikapo kapu, nyale. Tsiku la mpira muzikhala pamenepo ndi tiyi wanu, ndipo rimoti ikasowa musadzuke, ili pansi pa kushoni yomwe akhalirayo.